Mapointi a Mateyu

Ganizo lopita ku England linandibwerera tsiku limene mwana wanga Tiyamike anabwezedwa kusukulu chifukwa cha nsapato. Zinali zitayasama kutsogolo, zala zili pamtunda. Ku Chilobwe imeneyo si nkhani, ana amabwezedwa tsiku ndi tsiku. Chimene chinandiswa mtima n'chakuti ndinamupeza pakhonde akuzisoka yekha ndi kawaya, lilime lili panja, osalira n'komwe. Ine ndinkagwira ntchito pakachipatala kena ku Limbe, kusambitsa odwala ndi kuyala mabedi, ndipo malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Bambo ake anali atatisiya kalekale. Mnzanga wina anali atandinong'oneza kuti ku Bradford akufuna anthu osamalira okalamba. Madzulo ake ndinapita kwa achemwali anga a Loveness, ndipo ndisanakhale n'komwe pansi ndinati, "Achemwali, ine ndikupita."

"Pita," iwo anatero. "Mwana si katundu woti angasowe pomuika. Tiya ndi wathu tonse."

Ndinalonjeza zaka ziwiri basi. Tiya anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, wamakani ngati ine ndemwe. Tsiku lonyamuka ndinamuveka nsapato zatsopano, ndikuganiza kuti akondwa. Anakana kunditsanzika. Minibasi itayamba kuyenda anavula nsapato imodzi n'kugenda nayo pawindo, akukuwa kuti, "Pita, ndiwe woipa, usabwerenso!" Ndinatulutsa mutu n'kumukalipira kuti alibe mwambo, anthu m'minibasi akuseka. Mawu amene ndinamusiyira mwana wanga ndi amenewo.

Walira mvula walira matope. Ntchito ya ku Bradford inali yoyenda khomo ndi khomo: kudzutsa gogo uyu, kumusambitsa, kumumwetsa mankhwala, kuthamangira basi, kukapeza wina atadziipitsira pabedi. Kunkacha ndili kale pasiteji, kunkada ndisanaweruke. Viza yanga inali yomangirira kwa abwana amene ananditenga, ndiye ukadandaula za kuchuluka kwa maola ankangomwetulira n'kukukumbutsa kuti ndege zopita kwanu zilipo. Tinkakhala atatu m'nyumba ina ya m'mzere, ya miyala yodetsedwa ndi utsi wakale: ine, Mai Tembo a ku Chipata amene ankagwira ntchito kuchipatala, ndi mzungu wina wa ku Spain amene ankagona m'kachipinda kam'mwamba.

Dzina lake linali Mateo, koma Mai Tembo anamubatiza kuti Mateyu, ndipo ankavomera. Atandiuza kuti ntchito yake ndi kusewera tenisi, ndinaseka mpaka kukhosomola. Ine tenisi ndinkaidziwa ya pa TV, anthu ovala zoyera, olemera ali phee m'mipando. Ndinati, "Nanga muno ukutanimo, kulimbirana nafe bafa?"

Iye analoza makina ake okungira zingwe za laketi, chomenyera mpira chija, amene anali atalanda theka la tebulo lathu lodyera, n'kuyankha m'Chingerezi chake chothyokathyoka. "Amene umawaona pa TV ndi ochepa. Enafe tili pansi pawo, ambirimbiri, ndipo palibe amene amatidziwa."

Anali pafupi kukwanitsa zaka makumi atatu. Ku Bradford anabwera chifukwa kalabu ina inkamulola kuyeserera m'bwalo lake lofolera, iye n'kumaphunzitsa ana a eni kalabu. Sabata zina ankanyamula chikwama chachitali kumsana n'kukwera basi kupita ku timipikisano ting'onoting'ono, lero mzinda uno, mawa dziko lina. Ulendo ankalipira yekha, pogona yekha, ndipo akagonja masewero oyamba, zimene ankalandira sizinkabweza ngakhale ya basi. Zovala ankachapa yekha n'kuyanika pa chitsulo chotenthetsera nyumba. Akabwerako dzanja lamanja litatupa pamfundo, ankatsegula firiji n'kumangirirapo paketi ya nsawawa zouma ndi chisanu. Mai Tembo ankakalipa, "Mateyu, izo ni ndiwo zanga, si mankhwala!" Koma mawa lake ankagula paketi ina n'kuiika pomwe pomwepo.

Lolemba lililonse m'mawa ankakhala patebulo, khofi akuzizira, maso ali pafoni. Tsiku lina ndinamufunsa kuti amayang'ana chiyani ndi nkhope ya maliro chonchi. Anati Lolemba ndi tsiku limene amatulutsa mayina a osewera onse a padziko, kuyambira woposa onse mpaka wotsiriza. Anandionetsa lake. Chala chinatopa kutsika tisanalipeze.

"Ukapambana amakupatsa mapointi," anatero. "Koma amakhala chaka chimodzi chokha. Sabata imene unawapeza ikabweranso chaka chinacho, amafufutika. Ukafuna kukhalabe pomwe ulipo, uyenera kukapambananso."

"Nanga ukadwala?"

"Amafufutika."

"Kukagwa maliro?"

"Amafufutika. Ndipo ukatsika kwambiri, kumipikisano sakulolanso kulowa."

Ndinati malamulo amenewo anawalemba ndi mfiti. Anaseka, n'kumwa khofi wake wozizira uja.

Lero ndikakhala pakhonde kuno ku Chilobwe ndimakumbukira mmene mafoni anga ndi Tiya ankayendera. Chaka choyamba ankalanda foni m'manja mwa achemwali asanamalize moni. Ankandinenera anzake, ankalira, ankandifunsa kuti ndibwera liti, ndipo ndikayankha zosamukomera ankadula. Zinkandinyansa. Munthu wayimirira tsiku lonse, msana ukuyaka moto, kamwana n'kukudulira foni! Ndinkatumiza ndalama mwezi uliwonse osaphonya, ndipo aliyense wopita kumudzi ndinkamusenzetsa nsapato. Zaka ziwiri zija zinatha. Kumuitanitsa kuti abwere ku England kunakanika chifukwa ankafuna chilolezo cha bambo ake, munthu wosadziwika kumene ali. Anzanga kutchalitchi anati ndipirire, ukakwanitsa zaka zisanu amakupatsa mapepala okhalitsa ndipo zonse zimaphweka. Ndinamvera. Pang'ono ndi pang'ono Tiya anasiya kudula foni. Ankati, "Tili bwino, kaya inu. Zikomo chifukwa cha katundu." Ndinkanyadira kwa Mai Tembo kuti achemwali anga amadziwa kulera.

Kamodzi kokha ndinamuonapo Mateyu akusewera. Linali tsiku langa lopuma, mpikisano uli ku Hull, ndipo anandipempha mwamanyazi kuti ndimuperekeze. Ndinavala bwino ngati ndikupita ku ukwati. Tinakafika m'chinyumba chozizira chonga mosungira katundu, kunja mphepo ya kunyanja ikuomba malata. Oonerera tinali atatu: ine, mayi wa mnyamata amene ankasewera naye, ndi bambo wina amene ndikukhulupirira kuti anangolowa kuthawa mvula. Panalibe otolera mipira. Munthu amenye mpira ndi mphamvu zake zonse, abuule, agwe, kenako adzuke akatole yekha kukona. Ndinachita manyazi kuomba m'manja chifukwa phokoso lake linkamveka ngati ndikuthamangitsa nkhuku.

Koma Mateyu ankasewera ngati bwalo ladzaza. Ankathamangira mipira imene ine ndinkaona kuti yapita kale. Ndinazindikira kuti akapeza chigoli ankayang'ana kwa woimbira masewero, amene anali pampando wautali akudina kachipangizo m'manja. Anagonja. Pobwerera m'sitima, dzanja ali atalifungatira pachifuwa, ndinamufunsa za kachipangizo kaja.

Anati woimbira akadina, manambala amapita pa intaneti. Chithunzi palibe, mawu palibe, manambala okha. Bambo ake, amene ankagwira ntchito pamalo omwetsera mafuta m'katauni kena kummwera kwa Spain, ndiwo anamuphunzitsa tenisi pa kabwalo kong'ambikang'ambika kuseri kwa sukulu. Tsopano anali atakalamba, ndipo tsiku lililonse la masewero ankakhala m'khitchini, magalasi pamphuno, kuyang'ana manambala akusintha pafoni.

"Sanandionepo ndikusewera kwa zaka zambiri," anatero. "Koma manambala akamayenda amadziwa kuti ndilipo."

Chaka chotsatira Mateyu anachita bwino kamodzi. Anafika mpaka ndime yomaliza pa mpikisano wina, ndipo anabwera ndi kambale kagalasi kamene Mai Tembo anakasandutsa koikamo makiyi. Mapointi ake ambiri anachokera pamenepo. Chaka chinazungulira, sabata ija inayandikira, ndipo iye anakonzeka kukawateteza. Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, mlongo wake anaimba foni. Bambo aja anali atagwa m'bafa, mbali imodzi ya thupi yafa, kulankhula kwatha.

Matenda amenewo ine ndimawadziwa, ndi amene ndinkasambitsa tsiku ndi tsiku. Ndinamuuza mosapita m'mbali. "Mateyu, kwera ndege lero."

"Ndikapita, mapointi onse afufutika Lolemba. Nditsika mpaka pansi, ndipo pa msinkhu wangawu sindidzakweranso. Masiku ochepa okha, Ireen. Bambo akanatha kulankhula akanati ndisewere."

Mai Tembo anasiya mbale zimene ankatsuka. "Mateyu, mwana wanga, atate ni amodzi chabe. Yenda."

Ananyamula chikwama chake chachitali chija n'kupita kumpikisano. Masewero oyamba anapambana. Mlongo wake anamuuza kuti anagwirizira foni pamaso pa bambo aja m'chipatala, ndipo maso awo ankatsatira manambala. Tsiku lachiwiri anasewera maola atatu n'kugonja, ndiye mapointi aja anapitabe. Atatuluka m'bwalo anapeza uthenga woti aimbe kunyumba. Bambo anali atamwalira m'mawa, masewero asanayambe. A pabanja anagwirizana zoti asamuuze kaye.

Anabwera kudzatenga pasipoti, ndipo anandipeza ndikuvala nsapato za kuntchito. Anaima pakhomo chikwama chili kumsana. "Akuti sanafune kundisokoneza," anatero. "Ndathamanga maola atatu ndikuganiza kuti akuyang'ana." Ndinalira ngati maliro ndi anga, kenako ndinathamangira basi chifukwa gogo wina ankadikira kusamba.

Atabwerako kumaliro anayesa mipikisano ingapo, koma mtima unali utachoka. Dzanja nalo linakana. Anapeza ntchito yonyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu kunja kwa mzinda, ndipo makina okungira zingwe aja anagulitsa. Tebulo lathu linakula, koma palibe amene anakondwa nazo. Lolemba lililonse dzina lake linkatsika. Tsiku lina, patapita chaka, anandipatsa foni n'kuti ndilembe dzina lake pofufuzira. Ndinalemba. Sipanatuluke kanthu. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa chilembo, ndinalembanso. Munthu anayamba kugwira laketi asanagulule mano, lero ngati sanasewerepo.

Tsiku lomwelo ndinaimbira Tiya. Tinalankhula mwachidule monga mwa masiku onse, iye n'kuthokoza, n'kupereka foni kwa achemwali. Nditadula, Mateyu anali akusenda anyezi, sanatembenuke.

"Makoma a nyumba ino ndi opyapyala," anatero. "Kale ndinkamumva mwana wako akukukalipira. Chinenero chanu sindimva, koma ukali ndinkaumva. Analekeranji?"

"Wakula. Ali ndi mwambo tsopano."

Anapitiriza kusenda. "Bambo anga nawonso analeka kundifunsa kuti ndibwera liti. Ine ndinkati amvetsa."

Mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Ndinapita nawo kuntchito, ndinabwera nawo. Kunali kutatsala miyezi yosakwana chaka kuti ndipeze mapepala okhalitsa aja. Nditawauza Mai Tembo kuti ndikusiya ntchito, anakhala pansi. "Ba Ireen, mwafuntha? Just one year! Mwavutika zaka zonse izi, manje mutaye visa pa last minute?" Kutchalitchi anandipempherera ngati wogwidwa ndi mizimu. Sindikunena kuti ankalakwa. Koma ndionetsetse anathetsa nkhosa, ndipo chaka chimodzi chimenecho ndinali nditachinena kale kambirimbiri. Mateyu ndiye anandinyamulira masutikesi mpaka pasiteji.

Ndinafika ku Chilobwe masana, dzuwa likuswa mtengo, galimoto yahayala ikugunda pansi m'maenje. Achemwali anathamanga kudzandikumbatira, tinalira, anansi anasonkhana. Maso anga ankafunafuna kamwana kamakani kaja. M'nyumba munatuluka mtsikana wamtali, chitenje chomangidwa bwino m'chiuno. Ndinatambasula manja. Iye anaima patali pang'ono, anagwada pafumbi, n'kuomba m'manja mofatsa.

"Takulandirani. Mwayenda bwanji?"

Kenako anadzuka n'kunyamula sutikesi. Manja anga anatsala m'malere, ndipo ndinachita ngati ndikukonza duku. Mayi wina woyandikana nawo anati, "Mwaona mwana wophunzitsidwa? A Loveness agwira ntchito."

Anandipititsira madzi kubafa. Anandisiyira bedi lake, iye n'kukagona kuchipinda kwa achemwali. Pansi pa bedilo panali katoni yodzaza nsapato zimene ndinkatumiza, zina zisanavalidwepo chifukwa ndinkagula za phazi limene ndinkalikumbukira. Tiya ankawaitana achemwali kuti amayi. Akamakamba za ine kwa anzake ankati amayi a ku UK.

Ndinaona mmene ankakhalira pansi, mmene ankapewera amuna, ndipo ndinawakokera achemwali kuseri. "Kodi mwanayu anakula?"

"Anatha msinkhu chaka chatha, nthawi yokolola. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzamulanga. Zonse zinayenda bwino."

"Osandiuza ine?"

"Iwe, ndi mmene unkatopera muja? Sitinafune kukusokoneza pantchito."

M'maganizo mwanga ndinamuona Mateyu ataima pakhomo, chikwama chili kumsana. Achemwali sindingawaimbe mlandu. Malungo atamugwira Tiya, iwo ndiwo anagona pansi m'chipatala. Mwana atadzuka tsiku lija ali ndi mantha, anathamangira kwa munthu amene analipo. Ine ndinali manambala obwera pafoni kumapeto kwa mwezi.

Tsiku lachitatu ndili m'chipinda ndinamva phokoso kuseri kwa nyumba. Achemwali ankamutuma kutsuka mapoto, ndipo Tiya ankakana. "Aaa, amayi, inu tsiku lililonse ine ndemwe! Sindifuna!" Anaponda pansi mwamphamvu, anamenyetsa chidebe, achemwali anamuopseza ndi chikho. Posakhalitsa onse awiri anali akuseka. Ndiye kamwana kanga kamakani kaja kanalipo, sikanafe. Ndinatuluka msangamsanga kuti ndikakaone. Atangondiona anakonza chitenje, nkhope inakhala bata, n'kufunsa ngati ndikufuna tiyi. Sindinachitepo nsanje ngati imene ndinawachitira achemwali anga tsiku limenelo.

Tiyiyo anabweretsa pa thireyi, anagwada, n'kuthira. Kenako anafunsa mwaulemu, monga mmene timafunsira mlendo kuti tidziwe ufa wokagayitsa.

"Mubwerera liti?"

"Sindibwereranso, mwana wanga. Ndabwereratu."

Ndinkayembekezera kuti mwina amwetulira. Sanayang'ane ine, anayang'ana achemwali, maso atadzaza misozi.

"Ndiye anditenga?"

Ndinataya mapepala, ndinataya ntchito, ndinawoloka nyanja kubwerera kwa mwana wanga, ndipo kwa iye ndinali munthu wodzamulanda kwa mayi ake. Ndinanena kuti ayi, sindimutenga, akhala pomwe ali. Anapuma mozama. Anati zikomo.

Panopa ndikuchita lendi kanyumba kena kutsidya kwa msewu. Ndinabwerera ku ntchito yoyala mabedi, malipiro ake omwe aja otha mwezi usanafike pakati. Mai Tembo anapeza mapepala awo, ndipo akaimba foni samandikumbutsa, Mulungu awadalitse. Mateyu anabwerera kwawo. Amaphunzitsa ana pa kabwalo kong'ambika kaja, ndipo nthawi zina amatumiza uthenga wofunsa ngati mtsikana wayamba kundikalipira. Ndimamuyankha kuti ayi, sanayambe.

Tiya amabwera Loweruka lililonse kuti ndimuluke tsitsi. Achemwali ndiwo amamutuma, ndikudziwa. Amagogoda, amagwada, amakhala pamkeka pakati pa maondo anga, khosi lili chilili ngati ali pamaso pa ahedi. Anthu amandiyamikira kuti ndili ndi mwana waulemu, ndipo ine ndimavomera, nanga ndinene chiyani. Ali wamng'ono, ndikangomukoka tsitsi pang'ono ankandimenya dzanja n'kuthawa mutu uli theka.

Loweruka lapitali ndinamukoka dala. Ndinagwira katsitsi ka pafupi ndi khutu, pamene pamapweteka kwambiri, n'kukoka mpaka khungu linatukuka. Ndinadikira kuti akuwe, andimenye dzanja, andiuze kuti ndine woipa. Mapewa ake anagwedera kamodzi. Sanatembenuke.

"Palibe kanthu," anatero. "Pitirizani."